Ndiwaphunzitse bwanji ana a pa yunivesite kuthyola makompyuta osawasandutsa mbava?

Akuluakulu amene mwakhala mukuphunzitsa za chitetezo cha pa intaneti, ndithandizeni maganizo. Semesita ikubwerayi andipatsa kalasi ya chaka chachitatu, ndipo phunziroli sindinaliphunzitsepo.

Ndakonza zoti aliyense aike VirtualBox (pulogalamu yoyendetsa makina ongoyerekeza mkati mwa kompyuta) pa laputopu yake, momwemo mukhale Kali Linux (makina okhala ndi zida zothyolera) ndi Metasploitable 2 (makina opangidwa dala osatetezeka kuti aziphunzirirapo), kuti azithyola makina awoawo basi. Vuto n'lakuti malaputopu ambiri ali ndi RAM ya 4GB, ndiye makina awiri akangoyaka pamodzi zonse zimaima njii. Kodi ndi bwino ndiike DVWA (webusayiti yopangidwa dala yosatetezeka, yophunzirirapo kuthyola) pa kompyuta imodzi ya mu labu, yosalumikizidwa ku netiweki ya sukulu, onse azilimbana nayo? Inu amene munayesapo, munkatani magetsi akathima pakati pa phunziro?

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi khalidwe. Mwana ukamuonetsa Nmap (pulogalamu yofufuza makomo otseguka pa makompyuta a pa netiweki) lero, mawa lake akufuna akayese pa seva ya zotsatira za mayeso, ana athuwa ndikuwadziwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo ndikufuna sabata yoyamba yonse ikhale ya lamuloli. Kodi kuwasainitsa pepala la malonjezo kumathandizadi, kapena kumangokhala mwambo chabe?

China n'chakuti sindikudziwa poyambira. Mtima wanga uli ku kuteteza, monga kuwerenga ma log (zolemba za zimene zachitika pa kompyuta) ndi kuunika mapaketi a uthenga oyenda pa netiweki ndi pulogalamu ya Wireshark, koma ndikuopa kuti ana agona m'kalasi. Inu munayamba ndi chiti, kuteteza kapena kuthyolako?