Mitundu yatsopano pa kompyuta ikundisokoneza maso, ndithandizeni

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za makompyuta. Pulogalamu imene timalembera maakaunti kuntchito kwathu yasinthidwa maonekedwe, moti pamene kale panali poyera ndi zilembo zakuda, tsopano pali pakuda ndi zilembo zotuwa, ndipo ndalama zolowa akuzionetsa mobiriwira pomwe ngongole zikuoneka mofiira. Ine ndinabadwa ndi maso osasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, vuto limene limagwira kwambiri amuna kusiyana ndi akazi, ndiye ndikayang'ana mzere wa manambala onse amangofanana mpaka ndiyandikitse nkhope pagalasi. Pofika masana maso amakhala atawawa, makamaka dzuwa likamalowera pazenera.

Ndamva kuti Windows 10 ili ndi color filters (zosinthira mitundu ya pagalasi) pansi pa gawo lotchedwa Ease of Access, zokonzera anthu a vuto ngati langali. Kodi alipo amene anaziyesapo, nanga sizisokoneza mitundu ya mapulogalamu ena? Anzanga akuti ndizolowera, koma ine ndikuona kuti kuzolowera sikungasinthe chibadwa cha maso. Kodi sikoyenera kungopempha abwana kuti ngongole iliyonse izikhalanso ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo kwake?