Katundu wa ku Afriski uja anafika bwino

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za kunyamula zakudya pa vani kuchoka ku Johannesburg kupita ku Afriski, malo a masewera otsetsereka pa chipale chofewa m'mapiri a Lesotho. Ndinatsata malangizo a achimwene ena oti ndiyambe ndatenga chilolezo cha C-BRTA (bungwe la ku South Africa loona za magalimoto onyamula katundu ndi anthu kudutsa malire), kenako ndidzere pachipata cha Caledonspoort, kufupi ndi Fouriesburg. Malisiti onse a katundu anali m'manja, choncho za msonkho sizinandichedwetse.

Chovuta ndi msewu. Mukapitirira Butha-Buthe, pa Moteng Pass pali makona oopsa, ndipo m'mamawa tala amaterera ndi madzi oundana. Tsopano ndimakwera dzuwa litawomba, potsika ndimadalira giya yaing'ono kuti mabuleki asapse. Antifreeze, mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana, muthiretu musananyamuke. Dziwaninso kuti maoda amachuluka kuyambira Juni mpaka Ogasiti basi, ndiye miyezi inayo mupezeretu makasitomala ena.