Mawu oti "pants" tiwamasulire bwanji m'Chichewa?

Anzanga odziwa Chingerezi, thandizeni pa mawu awa. Ku America "pants" ndi thalauzi. Ku Britain mawu omwewo nthawi zambiri amatanthauza chovala chamkati, ndipo thalauzi amati "trousers", ngakhale kuti m'madera ena kumpoto kwa England aliponso amene amanena "pants" akutanthauza thalauzi. Womasulira akasokoneza, chiganizo chakuti "he came to work in black pants" chimasanduka nkhani yoti bambo anafika kuntchito atangovala chamkati chokha.

Mawuwa anachokera ku "pantaloons", dzina lochokera kwa Pantalone, nkhalamba ya m'masewero akale a ku Italy. Amakhala ochulukitsa nthawi zonse, nchifukwa chake amati "a pair of pants" pomwe chovalacho ndi chimodzi. M'Chichewa tisalembe "mathalauzi awiri" pamenepa, ndi thalauzi imodzi basi. Ku Britain achinyamata amanenanso kuti chinthu ndi "pants" akafuna kunena kuti ndi chachabechabe.

Funso langa lili pawiri. Ngati zolembazo sizikusonyeza dziko la wolemba, mumayang'ana chiyani? Kalembedwe ka "color" (ku America) kapena "colour" (ku Britain) kamathandiza, komanso mawu ngati lamba, matumba ndi zipi akakhala pafupi, koma pa mndandanda wa zovala wopanda ziganizo zizindikirozi palibe.

Chachiwiri, "panti" timakonda kunena za chamkati cha amayi. Cha abambo mumalemba "panti" yemweyo kapena "kabudula wamkati"? Ine ndimaona kuti wachiwiriyu ndi waulemu, koma owerenga ena sangaganize za kabudula wamba?