Kodi Chancy Chitete anachita chani kwenikweni ku DRC?

Mphunzitsi wa ku Ndirande: Abale anga ndithandizeni. November akubwerayu ndikufuna ana a mkalasi mwanga amve mbiri ya msilikali mmodzi wa kuno kwathu, munthu wokhala ndi dzina lake osati kungoti asilikali anafera dziko basi. Ndinamva kuti Chancy Chitete anapatsidwa mendulo ndi a UN atamwalira kale. Zinayenda bwanji kuti afike pamenepo?

Mdala wa ku Chilomoni: Mwachita bwino kufunsa aphunzitsi. Ineyo yunifolomu ndinavalapo ndiye nkhaniyi imandikhudza. Chitete anali Private mu MDF, anapita kukasungitsa mtendere pansi pa MONUSCO, gulu la UN losungitsa mtendere ku DRC. Mu November 2018 anyamata athu pamodzi ndi a ku Tanzania anakalimbana ndi zigawenga za ADF mdera la Beni kum'mawa kwa Congo, kunkhalango kuja, ndiye zipolopolo zitayamba kuvumba a Malawi ndi amene ankawombera moteteza kuti anzawo a ku Tanzania apeze mpata wosuntha. Apo ndi pamene iye anaona Corporal wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, atagwa pansi wavulala poyera pomwe adani akumuona. Anatuluka pomwe anabisala nkukamukoka, ndipo akumupatsa chithandizo choyamba chipolopolo chinamupeza iyeyo. Omary anachira, ali moyo chifukwa cha mwana wa ku Malawi. Ana anuwo muwauze kuti munthuyo sanali mbale wake, ngakhale dziko sanali amodzi, koma sanamusiye. Pa nkhondo imeneyo tinataya asilikali 6, a ku Tanzania mmodzi. Mu May 2019 mlembi wamkulu wa UN António Guterres anapereka Captain Mbaye Diagne Medal kwa mkazi wake ku New York, ndipo chiikhazikitsire mu 2014 mendulo imeneyi inali itangoperekedwa kamodzi kokha, kubanja la Diagne mwini wake, msilikali wa ku Senegal amene anaphedwa ku Rwanda mu 1994 akupulumutsa anthu.

Mayi wa ku Bangwe: Mzimu wake uuse mumtendere. Koma chonde muwauzenso anawo za otsala kunyumba. Amuna anga anapitako ku Congo komweko ndipo foni ikangolira usiku ndi nambala yachilendo mtima umachita kuti phaa, miyendo kuzizira, tulo osabweranso mpaka kucha, m'mawa uzukenso uwaseketse ana ngati zonse zili bwino. Ine Mulungu anandichitira chifundo anabwera akuyenda okha. Anzathu ena analandira bokosi lokutidwa mbendera, sawasha ikatha anthu nkubalalika mayi kutsala yekha ndi ana ofuna fizi. Mendulo ndi yabwino inde koma amasiyewa tiziwayendera.

Mnyamata wa ku Zingwangwa: Ulemu wonse kwa malemuwa koma ine funso langa ndi loti nchifukwa chani anyamata athu azikafera ku Congo? Mu January 2025 tinatayanso atatu polimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma kuja, mpaka Chakwera analamula kuti asilikali ayambe kukonzeka kubwerera. Nkhondo ya eni ake imeneyo madala, sikutha ayi.

Mdala wa ku Chilomoni: Mwana wanga funso lako ndi lomveka ndipo ukawafunse andale, iwowo ndi amene amasaina. Msilikali sasankha kopita. Agogo athu a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) anamenyana ndi Mataliyana ku Moyale kumalire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940, nchifukwa chake balakisi ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo, ena anakafika mpaka ku Burma, ndipo ukapita ku Zomba chipilala chawo chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Chimene chimandiwawa ine ndi choti ku New York anaimirira kumupatsa ulemu Chitete koma pita mu Limbe ufunse anthu khumi, angakuyankhe angati? Mu Blantyre muno misewu ingati ili ndi maina a azungu, umodzi wokha a khonsolo atautchula dzina lake chingavute nchani?