Tikuchoka mwezi wathunthu: giza ndi madzi tizisiye bwanji?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Disembala yense tikakhala kumudzi, nyumba ya ku Area 25 itsala yokha. Tili ndi giza ya magetsi ya malita 150 kudenga, thanki panja, ndi pampu. Titseke chiyani? Giza tiyikhuthule madzi?

Pulambala wa ku Kawale:
Mayi, musayikhuthule. Kuno madzi saundana m'mapaipi, ndiye palibe chifukwa. Chachikulu ndi ndondomeko: magetsi poyamba, madzi pambuyo. Gwetsani swichi ya giza pa bokosi lalikulu la magetsi, osangodalira ya pakhoma ija. Elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwa giza, ikayaka giza ilibe madzi imapsa pa mphindi zochepa, ndipo giza imatha kutsala yopanda madzi ngati penapake pakudontha madzi atatsekedwa.

Mukatero zulani pampu. Paipi ikaphulika pampu ili yoyaka, imapopera thanki yonse m'nyumba, kenako imazungulira youma mpaka kupsa. Tsekani valavu yotulutsa madzi pa thanki ndi valavu yaikulu ya pafupi ndi mita. Tsegulani mpope wa kukhitchini. Ukangodontheza n'kusiya, zatheka. Ukapitiriza, imodzi mwa mavalavuwo yatha, isintheni musanachoke. Mpopewo utsekeninso.

Nambewe:
Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri. Nyumba zambiri zimasefukira chifukwa cha mpope womwe wina anatsegula madzi atasowa n'kuiwala kutseka. Madzi amabwera usiku, ndi mphamvu, palibe wowamva. Mphamvu yomweyo ndi imene imaphulitsa timapaipi tofewa ta pansi pa sinki ndi pa toileti. Kalikonse kamene kachita dzimbiri kapena katupa kasintheni, n'kotsika mtengo kusiyana ndi siling'i.

Ngati wakudimba adzafuna madzi, uzani pulambala aike valavu yachiwiri pomwe paipi imalowa m'nyumba, mpope wapanja uzigwira pawokha. Jambulani nambala ya pa mita tsiku lochoka. Mu sinki ndi m'bafa thirani madzi, pamwamba supuni imodzi ya mafuta ophikira, kuti madzi otsala m'khosi mwa paipi asaume msanga. Akauma, fungo ndi mphemvu zimakwera. Toileti ivundikireni.

Pulambala wa ku Kawale:
Pobwera muyambire kumadzi. Tsegulani valavu pang'onopang'ono, kenako mpope wa madzi otentha. Uyamba kulavula mpweya. Dikirani mpaka madzi azituluka mosadukiza, pamenepo ndiye muyatse giza. Thermostat, yomwe imawongolera kutentha kwa madzi, ikhale pa madigiri 60, ndipo musasambe giza isanatenthe mokwanira, chifukwa m'madzi okhalitsa mumatha kuswana tizilombo ta Legionella, tomwe timayambitsa chibayo. Mipope yonse ithamange mphindi ziwiri kapena zitatu musanamwe.

Amene muli ndi giza ya dzuwa, phimbani machubu ake agalasi ndi lona musanachoke. Mukaipeza yopanda madzi, idzazeni mbandakucha kapena usiku. Madzi ozizira akalowa m'machubu otentha masana, galasi limasweka.