Nkhuni zouma timazidziwa bwanji tisanalipire ngolo?

Mayi wa padariya, Ulongwe:
Anzanga, ndili ndi padariya, malo ophikira buledi, ndithandizeni nzeru. Ngolo ya bulugama imene ndagula sabata yatha ikungolira mu uvuni, thovu kumatuluka kunsonga kwa chikuni, utsi tolotolo, buledi kutuluka wotuwa. Wogulitsa analumbira kuti ndi zouma, ndipo zinalidi zong'aluka kunja. Mvula yayandikira, ndikufuna kugula zambiri. Inu mumaziyesa bwanji?

Wootcha njerwa, Domwe:
Mayi, bulugama amanamiza. Akangodulidwa, kunsonga kumang'aluka msanga ndi dzuwa koma mkati madzi ali tho. Zapamwamba pa ngolo musaziyang'ane n'komwe, ogulitsa amayala zabwino pamenepo. Sololani chikuni chachikulu chapansi, muchiwaze ndi nkhwangwa mwini wake akuona, kenako mugunditse tsaya pamtima pake. Chikakhala chozizira ndi chonyowa, ngoloyo ibwerere. Mwini nkhuni akakana kuti muwaze, wayankha kale.

Mwini lesitilanti, Moatize:
Akulu anena zoona. Ndionjezeko za kwathu kuno kotentha, kumene timagula tsanya wa ku Changara. Anthu amati chikuni chouma chimapepuka, koma tsanya amalemerabe ngakhale atauma gwa, ndiye kunyamula sikukuuzani kanthu. Ine ndimagundanitsa ziwiri. Zouma zimalira ngwe, zaziwisi zimangoti phu. Chenjeraninso ndi mitengo yowauka ndi moto wolusa: khungwa lakuda, ngati youma, koma inadulidwa ili yamoyo.

Wophika buledi, Zóbuè:
Ine ndinagula ku Tete kachipangizo koyezera chinyezi, ka timisomali tiwiri tobaya mu mtengo. Nkhuni yongodula kumene imatha kukhala ndi madzi pafupifupi theka la kulemera kwake. Yoyenera mu uvuni isapitirire 20 peresenti. Koma mubaye pamene mwawaza, chifukwa kunja kamakuonetsani nambala yabwino yabodza. Moto wa nkhuni zaziwisi umayamba waphwetsa madzi aja, n'chifukwa chake njerwa za uvuni sizitentha mokwanira ndipo mumatha ngolo msanga.

Wootcha njerwa, Domwe:
Kachipangizoko n'kabwino achimwene, koma sikaona chiswe. Pali nkhuni zouma mopitirira, zofumbwa, zoti mukagenda pansi ufa waa. Zimenezo zimangoti lawi kamodzi, makala osasiya. Kwa buledi mukufuna makala okhalitsa. Mombo kapena tsanya amaposa bulugama pamenepo, ngakhale kuno ku Angónia mitengo yachilengedwe yachepa kwambiri, tikudalira bulugama yemweyo.

Mwini lesitilanti, Moatize:
Nkhani ina imene imandiwawa ndi ya ngolo. Ngolo zimasiyana kukula, ndipo wina amangoponyamo nkhuni mopingasa kuti mulu uoneke waukulu. Atsitse, azisanje pansi mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, mulipire pa mendulo. Ndipo amene akubwera ndi lole muzimufunsa gia ya nkhunizo, chikalata chololeza kuzinyamula, kuopa kuti angakulandeni a zankhalango zili pabwalo panu.

Mayi wa padariya, Ulongwe:
Zikomo nonse. Zimene ndagulazi ndiziwaza zonse, ndizisanje pa mitanda kuti zisagunde dothi, pamwamba malata, m'mbali mosatseka kuti mphepo izidutsa. Nanga bulugama wowaza chonchi angaume pofika liti?

Wophika buledi, Zóbuè:
Mukanawaza mu Meyi, pofika Okutobala akanakhala bwino. Panopa mvula ikayamba muwerengere za chaka chamawa. Loweruka ndikubwera ku msika wa Ulongwe, ndidzatenga kachipangizo kaja tidzayese ngolo yotsatira musanapereke ndalama.