Ndabwerako ku Leech Lake: pike ndagwira, muskie yandipusitsa

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za nyanja zabwino zowedzako nsomba za mano akuthwa zotchedwa muskie ndi northern pike kuno ku Minnesota, m'dziko la America. Ena munati Lake Vermilion, koma ndinatsatira ambiri, ndinapita ku Leech Lake, kufupi ndi tauni ya Walker.

Pike ndinagwira zitatu m'mbali mwa udzu wa m'madzi, monga munanenera. Yoyamba inadula chingwe ndi mano, ndiye ndinamvera malangizo oika waya pafupi ndi mbedza. Muskie ndinangoiona: inatsatira nyambo mpaka pabwato, n'kubwerera. Ndinatulutsa nyambo msanga, m'malo moizunguliza m'madzi ngati ndikulemba 8, yomwe ndi njira yokopera muskie kuti ilume. Mtima ukuwawabe!

Opita kumeneko, tengani pulayala yochotsera mbedza, zala zingathe. Komanso muskie yosakwana mainchesi 54 imabwezedwa m'madzi.